Ndapeza ntchito ku kampani ya inshuwalansi, ndilowe kapena ndidikire ina?

Wofuna Ntchito: Akuluakulu, moni nonse. Ndaitanidwa kuti ndikayambe ntchito ku kampani ya inshuwalansi mwezi wamawa. Kalata yafika, koma mtima sunakhazikike. Kunyumba ena akuti ndi ntchito yabwino, yokhalitsa. Ena akuti ndikukalowa m'gulu la anthu amene amatolera ndalama za anzawo mwezi ndi mwezi, tsiku la tsoka likafika n'kuyamba kuzemba. Ndikudziwa kuti pagulu pano muli ena amene munagwirako ntchitoyi, ena mudakali momwemo. Ndiuzeni zoona zake, zokoma ndi zowawa zomwe. Safunsa anadya phula.

Mayi wa ku Claims: Tiyambe apa achimwene, akulembani mbali iti? Kampani ya inshuwalansi si ntchito imodzi. Wogulitsa ma policy (mapangano a inshuwalansi), woyeza ngozi, wolipira ma claim (zopempha za makasitomala kuti alipidwe tsoka likawagwera) ndi wa masamu amalowera khomo limodzi m'mawa, koma madzulo aliyense amatuluka atatopa mwa mtundu wake.

Wofuna Ntchito: Akuti miyezi yoyamba ndizizungulira madipatimenti, kenako ndidzasankha pakati pa underwriting (kuyeza ngozi ndi kuika mtengo wa policy), claims ndi malonda.

Mayi wa ku Claims: Ndiye mwayi muli nawo, chifukwa ambirife tinangoikidwa pa desiki imodzi n'kukhazikika pomwepo. Ine ndilankhula za kwathu. Munthu sabwera ku claims zinthu zili bwino. Amabwera galimoto itaphwanyika, nyumba itapsa, katundu atabedwa, kapena ataika maliro. Tsiku ndi tsiku mumakumana ndi anthu amene dziko lawagwera. Zimenezi zimalemera, wina asakunamizeni.

Koma kukoma kwa ntchitoyi kuli pomwepanso. Sindiiwala mayi wina amene anabwera ndi mapepala a malemu amuna awo atawakulunga m'pulasitiki, policy itachita kuthetheka m'mopinda chifukwa chosungidwa zaka zambiri. Sankadziwa n'komwe kuti muli ndalama zingati. Anangoti, bambo ankanena kuti zikadzavuta ndidzapite ndi pepalali. Titawauza kuti zonse zili m'malo ndipo ndalama zilowa ku akaunti yawo, sanathokoze, sanalire. Anangogwira m'mphepete mwa tebulo n'kupempha madzi akumwa. Atamwa ndi pomwe anafunsa ngati ndalamazo zingakwane fizi ya ana. Zinakwana. Tsiku ngati limenelo umabwerera kunyumba ukudziwa kuti ntchito yako ili ndi mutu.

Mawa lake pa mpando womwewo pamakhala munthu amene policy yake inafa chifukwa anasiya kulipira premium (ndalama imene kasitomala amapereka kuti policy ikhale yamoyo), masiku amene kampani imadikira wochedwa kulipira anatha, iye osadziwa. Kapena polemba fomu sanatchule matenda amene anali nawo kale. Womuuza kuti salandira kanthu ndiwe. Amene analemba malamulo a policy sakhalapo, amene anamugulitsa sakhalapo. Mumangokhala awiri, iwe ndi iyeyo.

Agent Wakale: Zimene anena mayiwa ndi zoona. Ine achimwene ndikuchenjezeni za malonda, chifukwa ndi kumene amakonda kukankhira achinyamata. Funsitsani: malipiro anu ndi salale yokhazikika, komishoni yokha, kapena zophatikiza? Pa komishoni yokha, mwezi umene simunagulitse ndiye kuti simulandira. Poyamba zimaoneka zophweka chifukwa mumagulitsa kwa abale, anzanu a kusukulu ndi anthu opemphera nawo. Amenewo akatha ndi pomwe ntchito yeniyeni imayamba, kuimbira foni anthu osakudziwani, kuswera pa benchi m'maofesi a eni kudikira bwana amene mwina sakuonani n'komwe.

Palinso chinthu chimene ambiri sachimvetsa polowa. Pa inshuwalansi ya moyo komishoni yaikulu imabwera koyambirira. Koma kasitomala akasiya kulipira isanakwane nthawi imene ili m'mgwirizano wanu, kampani imakudulani komishoni ija. Mukhoza kuthamanga mwezi wathunthu, pa pay slip n'kupeza kuti wangongole ndinu.

Ubwino ulipo ndithu. Palibe wokuikirani malire pa zimene mungapeze, nthawi mumaipanga nokha, ndipo makasitomala okhulupirika akamapitiriza chaka ndi chaka, kanthu kamabwerabe. Ndinatulukako ndikutha kulankhula ndi munthu aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe, ndipo mawu oti ayi sandiopsanso. Luso limenelo likundidyetsa mpaka pano pa bizinesi yanga.

Mayi wa ku Claims: Bambo Agent, poti mwaiyamba nokha, nenaninso kuti ma claim ambiri amene ine ndawakana anayamba kuwonongeka pa tsiku logulitsa. Munthu amauzidwa kuti zonse zili mkati, sayinani apa. Za excess, ndalama ija amayamba walipira yekha ngozi ikachitika, sauzidwa. Za miyezi yodikira policy isanayambe kugwira ntchito, sauzidwa. Zimene policy silipira, sauzidwa. Kenako amabwera kwa ine ndi mtima wonse kuti alandira.

Agent Wakale: Otero alipo mayi, sindikana. Koma tageti amaika ndani? Lolemba lililonse maina athu ankalembedwa pa bolodi, wogulitsa kwambiri pamwamba, wolephera pansi, aliyense akuona. Mnyamata amene lendi yamuthina, ana akudwala, bwana akumukalipira pagulu, mukuganiza kuti akhala pansi kuwerengera kasitomala masamba onse a policy? Sindikumuikira kumbuyo. Ndikungoti vutoli limayambira kumtunda. Ndipo musaiwale kuti salale ya aliyense muofesimo imachokera pa premium imene ife tinakaipeza padzuwa.

Underwriter: Abale, nonse awiri mukunena zoona. Koma mnyamatayu amve kaye mmene ndalama zimayendera, chifukwa ndi zimene zimabala kukokanaku. Kampani imatolera premium kwa anthu ambiri kuti ilipire ochepa amene tsoka lawagwera. Pakutha pa chaka amaphatikiza ma claim onse ndi ndalama zoyendetsera kampani, masalale ndi makomishoni omwe, n'kuziyerekeza ndi premium imene yalowa. Nambala imene imatuluka timaitcha combined ratio. Ikakhala pansi pa 100 peresenti, kampani yapindula pa inshuwalansi yeniyeniyo. Ikadutsa 100 yaluza, ndipo ikudalira phindu la ndalama zimene inaika m'mabanki, m'mabondi ndi m'masheya podikira ma claim. Ndalama zodikirazi ndi zimene Warren Buffett, mpondamatiki wa ku America, anaziona kuti ndi mgodi, kampani yake ya Berkshire Hathaway itagula National Indemnity mu 1967.

Ndiye wa malonda amakankhidwa kuti premium ichuluke, wa claims amayang'aniridwa kuti asalipire chosayenera, ine ndili pakati. Ndikamalandira aliyense, ratio imakwera ndipo funso limabwera kwa ine. Ndikamakana kwambiri kapena kukweza mtengo, a malonda ndi ma broker (amkhalapakati ofunira makasitomala inshuwalansi) amandida.

Chimene ndimaikondera ntchito yanga n'chakuti imandiphunzitsa mmene dziko limayendera. Sabata ino ndikuwerenga za fakitale, sabata yamawa za malole onyamula katundu, kenako za kontrakitala womanga mlatho. Ukapita kukayendera fakitale, mwini wake amakuonetsa makina atsopano, iwe maso ali kwina: mawaya olendewera pafupi ndi makatoni, chozimitsira moto chimene tsiku lake linadutsa kalekale, khomo lothawira limene alitchinga ndi matumba. Ukawauza akonze, n'kukonzadi, wapewetsa moto umene palibe adzadziwe kuti ukanachitika.

Chowawa chake, cholakwa chako sichioneka lero. Ukhoza kusayina policy yokhala ndi chiopsezo chachikulu chaka chino, anthu n'kukuyamikira kuti wabweretsa bizinesi yaikulu, patapita zaka claim n'kuphulika, siginecha ili yako. Komanso migwirizano yambiri ya reinsurance (inshuwalansi ya makampani a inshuwalansi) ndi ma policy akuluakulu amayambiranso pa 1 Januwale. Ndiye Disembala, anzako akupuma ndi mabanja awo, iwe uli pa kompyuta mpaka usiku.

Wofuna Ntchito: Zikomo akulu, izi sindinkazidziwa. Nanga za maphunziro? Pa intavyu anatchula zoti amathandiza munthu kulemba mayeso.

Wa Masamu: Apo ndiye pali phindu lenileni achimwene, koma lili ndi mtengo wake. Ine ndili ku actuarial, kumene timawerengera masamu a ngozi ndi mitengo ya inshuwalansi. Ntchito yathu ndi yakale ndithu. Mu 1693 Edmond Halley, yemwe uja dzina lake linapatsidwa kwa nyenyezi ya mchira, anasindikiza tebulo la zaka zimene anthu amakhala ndi moyo, pogwiritsa ntchito kaundula wa obadwa ndi omwalira wa mumzinda wa Breslau, umene lero uli ku Poland. Mpaka lero mtengo wa inshuwalansi ya moyo umachokera m'matebulo a mtundu umenewo. Kuti ukhale actuary wokwanira umalemba mayeso a mabungwe ngati Institute and Faculty of Actuaries ya ku Britain kapena Society of Actuaries ya ku America, ndipo amatenga zaka zambiri uku ukugwira ntchito. Makampani ambiri amalipira mayesowo, amapereka masiku owerengera, ena amakweza salale ukakhoza pepala. Koma werengani bwino mgwirizano, chifukwa kawirikawiri ukachoka msanga amafuna ndalama zawo.

Mtengo wake ndi Loweruka ndi Lamlungu lako. Anzako ali ku ukwati, iwe uli ndi buku. Ukalephera pepala umadikira miyezi kuti ulembenso, ndipo ofesi yonse imadziwa. Chiyambireni lamulo latsopano la kawerengedwe ka ndalama za inshuwalansi, IFRS 17, pa 1 Januwale 2023, ife ndi a akaunti kutseka mabuku kwakhala ntchito yowirikiza.

Underwriter: Kwa amene sali wa masamu kwambiri, pali mayeso a Chartered Insurance Institute ya ku London. Amadziwika m'maiko ambiri, ndipo a underwriting, a claims ndi ma broker amalemba amenewo.

Wa Mafoni: Pepani akuluakulu, nonse mukulankhula za m'maofesi a pamwamba. Ife a pansi, oyankha mafoni, ndani atiyankhulire? Kompyuta imawerenga mphindi zimene wakhala pa foni iliyonse, imawerenganso mphindi zimene wachoka pa mpando. Mawu oyankhula anakulembera kale. Munthu akuimba akulira kuti claim yake yatha miyezi osayankhidwa, iwe ukuona pa sikirini kuti fayilo yangokhala pa desiki ya wina, koma mphamvu yoisuntha ulibe. Umangoti tikuyang'anabe bambo. Akakutukwana umapepesa, foni ikadulidwa ina yalowa kale. Salale yathu ndi yotsika kuposa onse amene alankhula apa. Achimwene, ngati mwa madipatimenti ozungulirawo muli la mafoni, pitaniko mukaone, koma musalole kukhazikika kumeneko popanda lonjezo lolembedwa la nthawi yochokako.

Mayi wa ku Claims: Achemwali, mwanena zoona ndipo zandikhudza. Mafayilo amene mukunenawo nthawi zina amakhala pa desiki ngati yanga. Si kuti munthu sakufuna, koma mafayilo amachuluka kuposa manja, lipoti la apolisi silinabwere, assessor, woyeza zimene zawonongeka, sanapite kukaona galimoto, dokotala sanasayine. Komabe wotukwanidwa ndinu. Dipatimenti ya claims yabwino imakhala ndi munthu amene a mafoni angamufikire mwachindunji. Kumene kulibe zimenezo, ndi chizindikiro choti akuluakulu sasamala.

Mkulu Wopuma: Ana anga, ine ndinakalambira m'ntchito imeneyi, ndiloleni ndiikepo mawu. Chachikulu chimene inandipatsa ndi mtendere wa m'nyumba. Chuma chikavuta anthu amasiya kugula zambiri, koma m'maiko ambiri lamulo limakakamiza mwini galimoto kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena pamsewu, banki sikongoza ndalama ya nyumba popanda inshuwalansi, katundu wodutsa panyanja sayenda wopanda chitetezo. Ndiye ntchito imakhalapo. Penshoni, thandizo la kuchipatala ndi inshuwalansi ya moyo ya ogwira ntchito nthawi zambiri zimakhala zolongosoka, poti ndi malonda awo omwe.

Koma musamve ngati kampani ya inshuwalansi singagwe. Mu 1992 mphepo yamkuntho ya Andrew itasakaza ku Florida, ku America, makampani angapo analephera kulipira n'kutsekedwa. Mu Seputembala 2008 AIG, imodzi mwa makampani akuluakulu padziko lonse, inapulumuka chifukwa banki yaikulu ya boma la America inaikongoza madola 85 biliyoni. Ndipo makampani akaphatikizana, madipatimenti awiri amasanduka imodzi, ena amapatsidwa makalata. Ndinaziona ndi maso, anthu a zaka zambiri akunyamula makatoni.

China, kukwera n'kochedwa. Mipando ya pamwamba ndi yochepa ndipo okhalapo sachoka msanga. Chilichonse chimafuna siginecha ya wina, ndipo wachinyamata wa maganizo atsopano amatopa ndi mawu oti kuno timachita chonchi. Njira imene ambiri amakwerera ndi kusamuka: kupita kwa broker, ku kampani ina, kapena ku reinsurance, kumene makampani a inshuwalansi nawonso amakadziteteza. Kumeneko ndi kumene kuli maina ngati Swiss Re ya mu 1863, Munich Re ya mu 1880, ndi msika wa Lloyd's umene unayambira m'nyumba yomwera khofi ya Edward Lloyd ku London kumapeto kwa zaka za m'ma 1680. Luso la ntchitoyi limawoloka malire, chifukwa moto ndi moto kulikonse.

Wofuna Ntchito: Zikomo bambo. Koma funso limene likundisowetsa tulo ndi lija la kunyumba. Kodi ndi zoona kuti makampaniwa amafunafuna njira yoti asalipire? Sindikufuna ntchito yoti ndizichita nayo manyazi.

Agent Wakale: Ena amatero. Ndinaona kasitomala wanga akuzunguliridwa ndi mafomu mpaka anatopa n'kusiya. Ndinachita manyazi kukumana naye pamsewu, poti amene ndinamulonjeza ndine.

Mayi wa ku Claims: Funso lanu ndi labwino achimwene, ndipo ndikuyankhani mosabisa. Ma claim ochuluka amene amadutsa pa desiki yanga amalipidwa, ndipo olipidwawo sakalengeza pa Facebook. Wokanidwa ndi amene amamveka. Koma makampani amasiyana, ndipo kusiyanako umakuona pa ma claim a pakatikati, amene mawu a policy angamveke uku kapena uku. Kampani ina bwana amakufunsa kuti, kodi pali chifukwa chomveka chokanira? Ina amakufunsa kuti, sungapeze pokanira? Mafunso awiriwa akuoneka ofanana koma amabala anthu osiyana. Ndinagwirapo kumene kunali funso lachiwirili, ndipo ndinachoka.

Nthawi ya Covid-19 ku Britain zinafika mpaka kukhoti. Mabizinesi ang'onoang'ono amene anatsekedwa anapempha kulipidwa pa ma policy a kusokonekera kwa bizinesi, makampani ambiri anakana. Bungwe loyang'anira, Financial Conduct Authority, linatengera nkhaniyo kukhoti, ndipo mu Januwale 2021 khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula mokomera eni ma policy pa mfundo zambiri. Taganizirani wogwira ntchito amene analemba makalata okana, kenako n'kuuzidwa kuti atsegulenso mafayilo omwewo. Chigamulo chokana sichinali chake, koma dzina la pansi pa kalata linali lake.

Mbali inayo nayonso ilipo. Chinyengo n'chenicheni. Galimoto yotenthedwa dala, malisiti opeka, ngozi imene inachitika policy isanagulidwe, ngakhale chikalata cha imfa cha munthu wamoyo. Ndikalipira zimenezo, ndalamayo sichokera m'thumba la bwana, imachokera kwa anthu oona mtima amene premium yawo idzakwera chaka chamawa. Ndiye kufunsa mafunso si nkhanza. Choopsa n'chakuti ukanamizidwa kangapo umayamba kukayikira aliyense. Mayi wamasiye akulankhula, iwe m'mutu ukufufuza pamene nkhani yake sikugwirizana. Ndimalimbana nacho chimenechi tsiku lililonse, ndipo kwa ine ndi mtengo waukulu wa ntchitoyi kuposa kutopa.

Underwriter: Onjezanipo mayesero a mkati. Wa galaja amene akufuna kuti magalimoto onse azipita kwa iye, broker amene akufuna mtengo wotsika, onsewa amadziwa nambala yako. Zimayamba ndi kamphatso. Ukalandira kamodzi, wagulidwa, ndipo m'ntchito ino anthu amadziwana. Mbiri ikaipa pa kampani imodzi, zitseko zina zonse zimatsekeka.

Wa IT: Ndiponyeko pang'ono. Makampani ambiri akale akuyendabe ndi mapulogalamu akalekale, chifukwa policy ya moyo imene inagulitsidwa zaka 30 zapitazo iyenera kusungidwabe mpaka mwini wake adzalandire. Ndiye mudzapeza kuti chinthu chimodzi mukuchilemba m'malo awiri kapena atatu. Uku ntchito zobwerezabwereza, monga kulowetsa mafomu, kupereka mtengo wa inshuwalansi ya galimoto wamba ndi kulipira ma claim ang'onoang'ono, zikupita kwa makina. Amene adzatsale ndi odziwa kuweruza nkhani zovuta ndi odziwa kuwerenga data. Musankhe desiki imene imafuna kuganiza.

Wa Mafoni: Ndi ife tikuyamba kuchotsedwa. Makina akuyankha mafunso ophweka, kwa ife kukungofika anthu okwiya okhaokha.

Mkulu Wopuma: Mwana wanga wa mafoni, lembani mayeso a inshuwalansi ngakhale pepala limodzi. Palibe amene amadziwa madandaulo a makasitomala kuposa inu, ndipo a claims abwino amene ndinagwira nawo ambiri anayambira pa kauntala. Musadzione otsika.

Wofuna Ntchito: Ndamva zambiri kuposa zimene ndinkayembekezera. Mtima ukundikokera ku underwriting, ngakhale nkhani ya mayi a pulasitiki aja yandigwira. Ndisanasayine ndikufuna ndibwerere kukawafunsa mafunso. Ndifunse chiyani?

Wa Masamu: Ndani amalipira mayeso, masiku owerengera ndi angati, ndipo mukachoka mubweza zingati.

Agent Wakale: Ngati nthawi yozungulirayo ili ndi malonda, afunseni ngati mudzapatsidwa tageti, komanso ngati komishoni imadulidwa policy ikafa. Akuyankheni polemba, osati pakamwa.

Mayi wa ku Claims: Funsani kuti munthu mmodzi wa claims amasunga mafayilo angati nthawi imodzi, ndiponso kuti kasitomala akakanidwa n'kudandaula, amene amaunikanso nkhaniyo ndi yemwe anakana uja kapena wina. Akayamba kuzungulira poyankha, mwadziwa. Ndipo ngakhale mudzasankhe underwriting, pemphani kuti miyezi ya ku claims musaidumphe. Mukhale pa mpando uja, mumve munthu akuwerengeredwa mawu a policy amene sanawamvetse pogula. Mukadzayamba kulemba mawu amenewo nokha, mudzawalemba mosiyana.

Underwriter: Apo ndikugwirizana nawo mayiwa. Ine sindinadutse ku claims, ndipo ena mwa mawu amene timakangana nawo ndi makasitomala anachokera pa desiki ngati yanga.

Agent Wakale: Ndipo ku malonda nakonso mupiteko achimwene, ngakhale mwezi umodzi. Anthu a muofesi amene sanayambe akanidwapo ndi kasitomala pamaso amatiikira mitengo imene singagulike, kenako n'kumadabwa kuti bizinesi yapita kwina.

Wofuna Ntchito: Ndalemba onse. Lachiwiri ndikukaonana ndi a HR, ndidzakuuzani zimene ayankhe. Achemwali a mafoni, ngati mukufuna tiyambire limodzi pepala loyamba lija, ndilembereni kumbali tigawane mabuku.